Kodi anthu a ku Raveloe anamulandiradi Silas Marner?

Nachisale

Owerenga anzanga, ndangomaliza kumene buku la Silas Marner, limene George Eliot analitulutsa mu 1861, ndipo pali chinthu chimene sichikundichoka mumtima. Silas, munthu woomba nsalu, anachoka ku Lantern Yard, dera la m'tauni kumene kunali mpingo wake, mnzake wapamtima William Dane atamunamizira kuti waba ndalama za mpingo, nakakhala m'mudzi wa Raveloe zaka 15 wopanda mnzake, anthu akumuopa ngati wamatsenga. Koma atangoberedwa ndalama zake zagolide, anthu omwe aja anayamba kumuchezera ndi kumupatsa zakudya. Kodi mitima yawo inasinthadi, kapena anangomumvera chifundo poona kuti wasanduka wosauka amene sangawaopsenso?

Mphunzitsi wopuma

Mayi Nachisale, funso lanu ndi lomveka, koma tisasenzetse anthu a ku Raveloe mlandu wonse. N'zoona kuti ankakayikira aliyense amene iwo sankadziwa bambo ake ndi mayi ake, ndipo matenda a Silas, amene ankamuumitsa thupi ali chiimire ngati wakufa, anawonjezera mantha. Komabe iye mwini anatseka chitseko. Kumbukirani za Sally Oates, mkazi wa wosoka nsapato, amene Silas anamuthandiza matenda a mtima ndi mankhwala a chomera cha foxglove amene anaphunzira kwa mayi ake. Zitamveka, amayi anayamba kubwera ndi ana odwala, ndalama zili m'manja, kudzapempha zithumwa. Silas anawabweza chifukwa sanafune kuwanamiza, koma iwo anaona ngati akuwamana dala. Iye anachita bwino kukana, komatu sanawafotokozere mowafika pamtima, ndipo mpata wokhawo umene unatseguka unatsekeka pomwepo.

Usiku umene anaberedwa ndi umene unasintha zinthu. Analowa m'nyumba yomwera mowa ya Rainbow atanyowa ndi mvula, wopanda chipewa, ndipo amuna amene anali momwemo anamukhazika pampando pafupi ndi moto kuti afotokoze. Kwa nthawi yoyamba anapempha thandizo kwa anansi ake. Mudzi wotere umayenda ndi kupatsana, ndipo munthu amene sapempha kanthu kwa wina aliyense anthu sadziwa poyambira naye.

Wa ku Ntcheu

Aphunzitsi, ndikugwirizana nanu pang'ono chabe. Taonani chimene mudziwo unachita pofunafuna wakuba. Atatola kabokosi koyatsira moto pafupi ndi dzenje limene ankakumbamo miyala, onse anathamangira kukayikira wamalonda wina woyendayenda amene anadutsa m'mudzimo, mpaka ena anayamba kulumbira kuti anamuona atavala ndolo. Wakuba weniweni anali Dunstan Cass, mwana wa munthu wolemera kuposa onse m'mudzimo, ndipo ngakhale anasowa tsiku lomwelo, palibe amene analumikiza zinthu ziwirizi. Mafupa ake anapezeka patapita zaka 16, madzi ataphwa m'dzenje lija, matumba a golide ali pambali pake. Kwa ine, khalidwe lokayikira wobwera silinathe, linangosamuka kuchoka pa Silas kupita pa mlendo wina.

Mayi a mapasa

Ine ndimayang'ana kwambiri Dolly Winthrop, mayi wina wa m'mudzimo, chifukwa chifundo chake sichinali chapakamwa. Anapita kwa Silas ndi kamwana kake Aaron, atanyamula timakeke timene anadindapo zilembo za I.H.S., zimene iye mwini sankatha kuziwerenga koma ankadziwa kuti ndi zabwino poti anaziona kutchalitchi. Kamtsikana kazaka ziwiri kataloŵa m'nyumba ya Silas usiku wotsiriza wa chaka, Silas n'kusankha kukalera, Dolly ndiye anabweretsa zovala zakale za Aaron, namuphunzitsa kusambitsa ndi kuveka mwana, koma osamulanda. Silas anatcha mwanayo Hephzibah (mwachidule Eppie), dzina la mayi ndi mlongo wa Silas yemweyo, ndipo tsiku la ubatizo wa Eppie ndi limene analowa koyamba m'tchalitchi cha ku Raveloe. Kuyambira pamenepo, akamakapereka ntchito yake m'mafamu atatenga mwanayo, anthu ankamuimitsa n'kucheza naye. Choncho, Mayi Nachisale, ine ndikuti anamulandiradi, chifukwa kulera mwana ndi mtolo umene aliyense m'mudzimo ankaudziwa kulemera kwake.

Chimene chimandipweteka ndi china. Mayi a mwanayo, Molly, anafera panja m'chisanu pafupi ndi khomo la Silas, atamwa mankhwala ozunguza bongo. Anali mkazi wa Godfrey Cass, mkulu wake wa Dunstan komanso bambo a mwanayo, amene anamukwatira mobisa, ndipo Godfrey anaona nkhope ya mtembowo osanena kanthu, n'kungopatsa Silas ndalama pang'ono zogulira mwana zovala. Molly anaikidwa m'manda ngati mmphawi wosadziwika, ndipo m'mudzi monsemo palibe amene anamulira.