Galu wanga akudzikanda mpaka magazi, thandizeni

Membala wosatchula dzina: Abale anga ndithandizeni, mutu wanga sukugwira. Galu wanga Bruno akungodzikanda usana ndi usiku, akudziluma mpaka ubweya wathothoka, pena pakutuluka magazi. Usiku amadzikhula pa geti, sitikugona. Alandilodi ayamba kundinena ati galuyo akunyansa pa ploti, chonsecho mpope unaphulika mwezi watha iwowo sanakonzebe. Ndimakhala ku Area 36, amuna anga amagwira ya usiku ku Kanengo, mlonda wanga ndi yemweyu. Apongozi akuti ndikamusiye kumudzi. Njala samagona nayo, amadya mgaiwa ndi bonya. Mnyamata amene ankamusambitsa anathawa ndi ndalama za sopo. Nditani?

Ankolo a pa Galaja: OYILO WAKUDA BASI. Pitani pa galaja iliyonse ku Biwi akupatsani ulere. Mupakeni thupi lonse. Agalu anga onse ndimachiza choncho.

Nachisale: Mayo ine, mwandikumbutsa Poppy wanga. Anayamba chimodzimodzi, ndinawononga ndalama, atangochira neba anamuthirira tameki. Alandilodi anuwo muwasamale.

Mayi wa za ziweto: Mayi, oyiloyo musayerekeze. Amawotcha khungu lomwe lili kale ndi zilonda, ndipo galu akamadzinyambita amameza poizoni. Tiuzeni kaye: akukanda mbali iti? Ndi wamkulu kapena mwana? Pakhomopo alipo wina amene akumva kuyabwa, munthu kapena galu?

Ankolo a pa Galaja: Mwayamba kale kufunsa mafunso kuti mudye ndalama za mayiyu. Agogo athu ankapita kwa dokotala ndi galu?

Mnyamata wa ku Kawale: Bonya tsiku lililonse, ngakhale ine ndikhoza kuyamba kudzikanda kkkk

Bambo a Tadala: Chimenecho chiwewe, mupheni asanalume ana.

Mayi wa za ziweto: Ayi bambo, kuthothoka ubweya chonchi sikusonyeza chiwewe, ngakhale katemera wake ndi wofunika ndithu. Kuyabwa kuli ndi magwero ambiri. Nthata zimakonda kumsana pafupi ndi mchira. Mupeseni ataima pa pepala loyera lonyowa, tinthu takuda tikagwa n'kusanduka tofiira, ndi ndowe za nthata zimenezo. Agalu ena thupi lawo limadana ndi malovu a nthata, moti zochepa chabe zimakwana kuti adzilume mpaka chilonda, inu osaziona n'komwe. Mphere imayamba chifukwa cha tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakumba m'khungu. Timayambira m'mphepete mwa makutu, m'zigongono ndi pamimba, ndipo timafalikira kwa agalu ena, ngakhale anthu amatuluka nato tiziphuphu toyabwa. Pali mtundu wina wa mphere, demodex, womwe umagwira kwambiri ana agalu, koma umenewo poyamba suyabwa kwambiri. Dokotala amapala khungu pang'ono n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Mphere yoyabwayo nthawi zina sioneka ngakhale ilipo, ndiye amapereka mankhwala n'kuona ngati asintha. A LSPCA, bungwe losamalira nyama, amaona agalu konkuno ku Lilongwe.

Mlimi wa ku Mitundu: Ine ndimangowasambitsa dibi wa ng'ombe. Komatu mlamu wanga anachulutsa, galu anayamba kudzandira n'kutuluka dovu. Muyeso wake ndi wovuta.

Ankolo a pa Galaja: MWAONA? Mankhwala ogula amapha. Oyilo sanaphepo galu wanga.

Nachisale: Ankolo, si inu munalemba muno kuti agalu anu awiri anafa osadziwika bwino?

Ankolo a pa Galaja: Amenewo anachita kulodzedwa, musasakanize nkhani.

Asisi a ku 25: Muonenso mphutsi, nyengo ya mvula ino zachuluka. Ntchentche imaikira mazira pa dothi kapena pa thumba lomwe amagonapo, pakhungu pamatuluka chotupa chokhala ndi kabowo pakati. Thumbalo litayeni kapena lichapeni ndi madzi otentha. Kuti asamadzilume, ine ndinaboola chidebe chapulasitiki pansi n'kumuveka m'khosi.

Amayi a Mvano: Koma galu mpaka kusowa naye tulo, ana amasiye ali mbwee m'tauni muno?

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. A Nachisale mwandiopsa, alandilodiwo dzulo anaima nthawi yaitali pafupi ndi mbale yake. Nanga oyiloyo amapaka kangati?

Mayi wa za ziweto: Mayi chonde oyilo ayi. Ndafunsa kuti akukanda pati, simunayankhe. Tumizani chithunzi cha makutu ndi kumchira.

Ankolo a pa Galaja: Kawiri pa sabata mayi, ndipo wa dizilo ndiye wamphamvu.