Za thanki ija, madzi ayamba kuthamanga

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa chifukwa chimene madzi a m'thanki ankatulukira mwaulesi pa mpopi wa kudimba. Ena munati ndikweze thanki, ena munati paipi yachepa.

Ndinayamba n'kukweza thanki, kuchoka pa mita imodzi kufika pa mamita awiri. Zinasintha, koma pang'ono chabe. Achimwene amene munatchula lamulo la Torricelli munalasa: kuti liwiro la madzi liwirikize kawiri, thanki iyenera kukwera kanayi. Chimene chinathandiza kwenikweni n'kuchotsa paipi ya hafu inchi n'kuika ya inchi imodzi. M'paipi yopapatiza, yaitalinso, madzi amakhulana ndi m'mbali mwake, mphamvu n'kuthera m'njira. Pano ndowa ikudzaza msanga, mpaka madzi kuthovokera kumapazi.

Amene muli ndi vuto lomweli, muchepetsenso mokhotakhota mwa paipi.