Ndithandizeni pa ma oval a iRacing, tayala likunditentherera msanga

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikukonzekera sizoni ikubwerayi ya ma stock car (magalimoto ngati a mpikisano wa NASCAR) pa iRacing, gemu ya pa kompyuta yothamangitsa magalimoto, sizoni ya masabata 12, ndiye madzulo aliwonse ndimakhala pa chiwongolero changa kupanga prakatisi koma zinthu sizikusintha. Pa Charlotte, oval (msewu wa mpikisano wozungulira ngati dzira) ija ya mamailosi 1.5, malapu 10 oyamba ndimathamanga bwinobwino kenako tayala lakutsogolo chakumanja limatentha, galimoto imakana kukhota imangolunjika kukhoma. Kodi ndikulowa pakona ndi spidi yambiri kapena ndikupotokola chiwongolero mopyola muyeso?

Pa Martinsville ndiye ndimavutika zedi, theka la mailo basi koma mabuleki ake eee, ndikachedwa pang'ono kuponda matayala amagwira n'kuyamba kukhukhuluzika.

Nanga Daytona ndi Talladega mumaphunzira bwanji? Poti kumene kuja nkhani yonse ndi draft, kumata kumbuyo kwa mnzako kuti mphepo isakubweze, ndiye uli wekha palibe chomwe ungaphunzire. AI (magalimoto oyendetsedwa ndi kompyuta) imathandizadi kapena ndizingolowa ma open practice (prakatisi ya pa intaneti yopanga limodzi ndi anthu ena)? Ndikuopa kugwetsa Safety Rating yanga (mapointi osonyeza kuti umayendetsa mosachita ngozi) komanso sindikufuna kuwonongera anzanga mpikisano. Inu amene munayamba kale, nthawi ya prakatisi mumaigawa bwanji pa sabata?