Makhadi a ukwati: tiikepo zingati?

Lachiwiri madzulo

Malume: Mwaswera bwanji nonse. Ndamaliza kulemba bajeti imene tinagwirizana Lamlungu, koma mzere wa makhadi oitanira anthu uli pululu. Palibe amene anatchula kanthu. Ine ndangoikapo 3 pa 100 iliyonse ya ndalama zonse za ukwati. Ngati zachepa kapena zachuluka nenani lero, mawa ndikutseka buku.

Azakhali: Taswera alamu, kaya inu. Koma 3 yokha? Munthu asanaone diresi, asanaone holo, amayamba waona khadi. Ine ndikufuna aja olembedwa ndi golide, omanga ndi riboni.

Malume: Golideyo alipira ndani?

Azakhali: Tonse, monga mmene tikulipirira zinazo 😊

Amayi: Tisayambe kukokana tisanadziwe kuti tikufuna angati. Holo imalowa anthu 300, ndiye makhadi ndi 300 basi.

Wachisamba: Ayi amayi. Inu ndi abambo mukaitanidwa ku ukwati, amakupatsani makhadi angati?

Amayi: Limodzi.

Wachisamba: Ndiye tiwerenge nyumba, osati mitu. Ndatenga mndandanda wathu wa anthu 150 uja n'kuuphatikiza. Mwamuna ndi mkazi wake khadi limodzi, ana amene akadali pakhomo alowa m'khadi la makolo, okhala paokha aliyense lake. Zatuluka nyumba 68. Akuchimuna nawonso ali ndi mipando 150, ndiye awo sangapitirire kwambiri 70.

Malume: Tachoka pa 300 tafika pa 138 ndisanatsegule n'chikwama chomwe. Mwana uyu fizi yake sinapite pachabe.

Chitsirizira: Tikhozanso kufika pa 0 malume. Ndipanga khadi pa Canva, pulogalamu ya madizaini ija, usiku uno, mawa titumiza pa WhatsApp, nkhani yatha.

Azakhali: Iwe, agogo ako ungawaitanire pa WhatsApp?

Chitsirizira: Agogo ali m'gulu mommuno azakhali 😂

Azakhali: Ali muno chifukwa ndiwe umawawerengera.

Amayi aang'ono: Ine kuno kutali la pa foni landikwanira, musavutike ndi positi, kalatayo ingafike ukwati utatha. Koma dziwani kuti khadi la pa foni lili ndi miyendo. Mnzanga wina anatumizira anthu ochepa, iwo n'kutumizira magulu awo, tsiku la ukwati pakhomo la holo panadzaza anthu, aliyense akuonetsa chithunzi chomwecho m'foni mwake. Oitanidwa enieni ena anaimirira mpaka kumapeto.

Mkwatibwi: Ndikuwerenga zonse. Ine ndimaganiza chonchi: akuluakulu ndi achibale alandire apepala, anzathu akuntchito ndi akusukulu alandire a pa foni. Koma lililonse la pa foni likhale ndi dzina la mwini wake, ndipo pakhomo pakhale munthu wogwira mndandanda.

Chitsirizira: Kulemba dzina pa lililonse ndi ntchitotu achemwali

Mkwatibwi: Si iwe umati zaulere? Yamba 😌

Wachisamba: Anzako pa mndandanda ndi nyumba 20. Ndiye apepala athu ndi 48. Akuchimuna tiwayerekeze pa 52, akwana 100. Tisindikize 120.

Malume: 20 enawo ndi a yani?

Wachisamba: Malume, ndinagwirapo ntchito kosindikiza zaka zitatu zija, ndipo anthu amene ndinkawamvera chisoni ndi aja obwerera kudzafuna makhadi 10 okha. Mtengo wa ntchito yosindikiza uli pawiri. Pali ndalama yokonzera ntchito, yotsegulira faelo, kulinganiza mitundu, kuyesa pepala, kutchera makina odulira. Imeneyo mumalipira kaya makhadi ndi 10 kaya ndi 500. Kenako pali ya pepala ndi inki, imene imakwera pang'onopang'ono ndi khadi lililonse. Ndiye 20 oonjezera lero ndi pepala ndi inki basi, koma 10 a mwezi wamawa mulipiranso yokonzera ija kachiwiri. Komanso mtundu wake sutuluka wofanana ndendende ndi oyamba.

Wachisamba: Ndipo adzafunika ndithu. Wolemba maina adzalakwitsa angapo. Amayi adzakumbukira anthu usiku. Wojambula zithunzi adzafuna limodzi, akwati adzafuna losunga.

Amayi: Ine sindiiwala anthu.

Abambo: Pa ukwati wa Wachisamba munaiwala mlongo wanu yemwe.

Malume: Ndikukumbukira alamu. Ndinamva kwa anthu kuti kuli ukwati 😂

Amayi: Achimwene, inu ndinu mwini ukwati, khadi la chiyani

Malume: Chabwino, 120 ndavomera. Tsopano mtundu wake.

Wachisamba: Kukula kaye, chifukwa ndi kumene kumadya pepala. A6 ndi mamilimita 105 kwa 148, ndiye kuti pepala la A4 litapindidwa kawiri. A5 ndi 148 kwa 210. Osindikiza sasindikiza khadi limodzilimodzi, amayala angapo pa pepala lalikulu la SRA3 kenako n'kudula. Pa pepala limenelo A6 amalowa 8, A5 amalowa 4. Makhadi athu 120 ndi mapepala 15 tikasankha A6, 30 tikasankha A5. Khadi lopinda ngati buku ndiye kuti pepala kawiri, kuphatikiza ntchito yopinda. Envelopu nayonso imatsatira: A6 amalowa mu C6, A5 amafuna C5. Zonsezi zimapezeka zopangapanga. Koma mukasankha khadi la kukula kwachilendo, envelopu yake achita kukupangirani, ndipo mtengo wake mudzadabwa nawo.

Azakhali: A6 si kakang'ono kwambiri mwana wanga? Kangaoneke ngati ka kuchipatala.

Wachisamba: Chimene chimapatsa khadi ulemu m'manja ndi kulimba kwa pepala azakhali. Kulemera kwa pepala amakuyeza ndi gsm. Pepala la mu ofesi ndi 80 gsm, n'chifukwa chake limapepera. Ife titenge 300 gsm, limaima lokha. A6 wa 300 gsm safika n'komwe magalamu 5, ndiye ochepa amene tingatumize pa positi sadzatilemera, paja kumeneko amalipiritsa potengera kulemera.

Azakhali: Nanga golide wanga?

Wachisamba: Ndimafika. Njira zilipo zitatu zimene zingatikhudze. Ya digito ndi makina onga printa yaikulu, safuna chokonzeratu chambiri, ndiye kwa makhadi 120 ndi imene imatsika mtengo. Ya offset amayamba apanga mapuleti anayi, mtundu uliwonse wa inki yakeyake, ndipo imayamba kupindulitsa makope akachuluka zedi, osati ife. Golide wonyezimira uja si inki ayi. Amasema chidindo chachitsulo cha mawu anuwo, n'kuchitenthetsa, n'kudinda nacho kapepala konyezimira pa khadi. Chidindocho mumalipira chonse ngakhale mutadinda makhadi 5 okha.

Chitsirizira: Nanga tikangosankha mtundu wa golide pa kompyuta?

Wachisamba: Pa foni udzawala chifukwa foni imaonetsa mitundu ndi kuwala. Pa pepala printa imasakaniza inki zinayi zokha, ndiye golide wakoyo adzatuluka wachikasu chothimbirira. Ndinaonapo mkwatibwi akulira pa kauntala chifukwa cha zimenezi.

Malume: Manambala mwanawe, manambala.

Wachisamba: Masana ndinafunsa malo awiri. A6, 300 gsm, digito, mbali zonse ziwiri, makhadi 120: malo onse awiri mtengo wake ukudya pafupifupi theka la 3 yanu ija. Omwewo titaika golide pa mawu onse ndi riboni, akuti pafupifupi katatu. Ndiye kuti tadumpha mzere wonse tisanagule envelopu ngakhale imodzi.

Malume: Mwamva alamu.

Azakhali: Ndamva. Riboni ndasiya, ndaganiza zomanga mfundo 120 ndipo zala zangazi sizingathe. Koma golide ayi. Mwana wa mchimwene wanga akukwatiwa kamodzi.

Malume: Ndiye wofuna golide agule chidindo. M'buku langa mulibe.

Azakhali: Ndigula. Lembani kuti ndi mphatso yanga, isachotsedwe pa chopereka changa chija.

Abambo: Achemwali, mwanena pagulu.

Azakhali: Ndanena pagulu, ndipo agogo amva.

Mkwatibwi: Azakhali zikomo kwambiri 🙏🏾 mwandichititsa manyazi

Wachisamba: Ngati zili choncho, golide akhale pa maina awiri a akwati okha. Chidindo chikachepa mtengo umatsikanso, azakhali asalire. Ndipo tsiku, nthawi ndi malo zikhale za inki wamba, kuti china chikasintha tisataye chitsulo.

Abambo: Pa za tsikupo ndiyankhulepo. Achemwali akukumbukira makhadi a mwana wawo wamkulu. Analembedwa Loweruka pa 14, pamene 14 inali Lachisanu. Tinawerenga anthu anayi, tonse maso ali pa maluwa. Anazindikira ndi mwana wa sukulu, makhadi 30 atapita kale.

Azakhali: Musandikumbutse. Tinalipira kawiri, ndipo osindikizawo anangotionetsa pamene ndinasaina ndekha.

Wachisamba: Ndi mmene zimakhalira, mukasaina chitsanzo cholakwikacho chimakhala chanu. Ndiye tipemphe chitsanzo chenicheni cha pa pepala, osati chithunzi cha pa foni. Awerenge anthu atatu, mmodzi akhale amene sanaonepo mawuwo chiyambire. Kalendala ikhale m'manja. Nambala ya foni yoyankhirapo wina aiimbe kuti tione ngati ikulira m'thumba la munthu woyenera.

Chitsirizira: Ndiye dizaini ndipange ine kapena ndachotsedwa ntchito?

Wachisamba: Panga, tipulumutse ndalama ya wokonza. Koma umve. Uike kukula kwa A6, uonjezere mamilimita 3 mbali zonse kuti podula pasatsale mzere woyera, mawu asayandikire m'mphepete. Chithunzi ngati chilipo chikhale cha 300 dpi, ndiye kuti chooneka bwino chikasindikizidwa, osati chotola pa WhatsApp chifukwa amachifinya. Utumize ngati PDF. Maina a golide akhale pa faelo yakeyake, akuda bii, osindikiza amafuna choncho.

Chitsirizira: Ndimaona ngati ndi za mphindi 10 😭

Agogo: (akundiuza ndilembe, ndine Chitsirizira) Akuti ana inu, malembo akhale aakulu. Aja opotanapotana ngati chingwe iwo sawaona, khadi la chaka chatha anachita kufunsa mwana wa oyandikana nawo kuti ukwati uli kuti. Akutinso lawo adzasunga m'sutikesi pamodzi ndi la amayi.

Mkwatibwi: Agogo akadali nalo la amayi?? 😭❤️

Amayi: Ali nalo. Lakuda ndi loyera, la mbali imodzi, ndipo anthu anabwera.

Wachisamba: Tamva agogo. Opotana akhala pa maina okha. Tsiku ndi malo zikhala za malembo oongoka, osachepera saizi 12 pa kompyuta.

Amayi aang'ono: Achimwene, musatseke buku musanawerenge kayendedwe. Makhadi 100 sadziyendera okha. Wina athira mafuta kapena akwera galimoto kukapereka, ena apita pa positi. Kenako pali mayunitsi oimbira anthu amene sayankha, ndipo amenewo amakhala ambiri.

Malume: Ndiye ndagawa chonchi. Theka la mzerewu ndi losindikizira. Pa theka lotsalalo, maenvelopu 130 ndi zolembera zabwino ziwiri, kenako mayendedwe ndi positi, kenako mayunitsi. Kotsala kakhale kapadera. Golide ali kwa alamu. 3 ija ikhala 3, sindikuonjezera.

Amayi: Maenvelopu 130 bwanji pamene makhadi ndi 120?

Malume: Chifukwa olemba ndinu achemwali.

Amayi: 😒

Abambo: Nthawi ikutilola?

Wachisamba: Kwatsala masabata 14. Makhadi afike kwa anthu kutatsala masabata 8, akutali tiwauziretu pa foni sabata ino kuti apemphe tchuthi. Osindikiza akuti digito yokha ndi masiku ochepa, koma ndi chidindo tiwapatse masabata awiri. Kulemba maina ndi kugawa, sabata ina. Ndiye mndandanda utsekedwe Lamlungu likubwerali, wathu ndi wa akuchimuna. Pa khadi tilembe kuti anthu ayankhe kutatsala masabata atatu, malume adziwe mipando yeniyeni yolipira.

Malume: Akuchimuna ndiwaimbira mawa m'mawa. Ndiwauza kuti tikufuna nyumba, osati mitu, ndipo maina alembe okha mmene eni ake amalembera.

Azakhali: Musanatseke, pali nyumba zitatu za kwa apongozi anga sindikuziona pa mndandanda.

Malume: 20 aja atsala 17, tisanasindikize n'komwe.

Wachisamba: Tumizani maina azakhali. Ndipo iwe mkwatibwi, dzina la bambo la alamu athu lili ndi h pakati kapena ayi? Pa mndandanda walemba mwina, pa uthenga wa dzulo mwina.

Mkwatibwi: Dikirani ndiwafunse. Pa Facebook amalemba lopanda h, koma ndikuganiza kuti pa chiphaso lilipo.

Wachisamba: Atumize chithunzi cha chiphasocho, ndipo afunsenso makolo awo. Azakhali sagula chitsulo kawiri.

Azakhali: Ngakhale pang'ono.

Chitsirizira: Agogo akufunsa ngati lawo lili pa 48 kapena pa otsala aja

Malume: Pa 48, loyambirira. Auze agone.