Matchanelo osafunika akubwererabe pa Tvheadend ngakhale ndiwafufute

Kamtedza

Moni abale anzanga. Ndikupempha nzeru kwa amene mumaidziwa bwino Tvheadend, pulogalamu ya pa kompyuta yolandira, kujambula ndi kugawa matchanelo a TV m'nyumba. Ndili ku Doncaster ku England, makina ndi kakompyuta ka Raspberry Pi 4 kolumikiza ndi tuner (kachipangizo kolandira TV kuchokera ku eriyo) ya Hauppauge WinTV-dualHD, ndipo timaonera kudzera pa pulogalamu ya Kodi pa TV ya pabalaza. Posaka koyamba ndinasankha auto-Default, kenaka Map all services. Mndandanda watalika zedi: ogulitsa katundu, mawailesi, a akuluakulu okhaokha amene ana sayenera kuwaona, ena ongoonetsa mdima, ndipo BBC One yabwera iwiri. Ndikawafufuta, ndikangosakanso amabwerera onse. Kuwonjezera apo, pulogalamu imodzi ikumajambulidwa kawiri. Ndichite bwanji kuti atheretu popanda kusokoneza zimene ndinakonza kale kuti zijambulidwe?

Mbiya

A Kamtedza, siyani kaye kufufuta. Mu Tvheadend zinthuzi zili m'magawo atatu. Pansi pali mux, ndiye kuti frequency imodzi yonyamula matchanelo angapo pamodzi. Mkati mwa mux muli ma service, amene nsanja youlutsira TV imawalengeza yokha mosalekeza kudzera m'mindandanda yotchedwa PAT ndi SDT. Pamwamba ndi pamene pali channel imene inu mumaiona pa Kodi. Mukafufuta service, nsanja siileka kuilengeza. Tuner ikangofikanso pa mux imeneyo, Tvheadend imaiona ngati yachilendo n'kuilembanso. Koma mukaizimitsa, imakhalabe m'kaundula ili chizimire, ndipo Map all services imaidumpha.

Musanagwire chilichonse, imitsani Tvheadend ndi kukopera foda yake yonse pa flash. Kawirikawiri imakhala pa /home/hts/.hts/tvheadend kapena /var/lib/tvheadend, malinga ndi mmene munaiikira. Mukalakwitsa mudzangobwezera.

Kenaka tsegulani tsamba lake pa port 9981, sinthani View level ikhale Expert, apo ayi mabokosi ena simuwaona. Lowani Configuration, DVB Inputs, Services. Kwezani chiwerengero cha mizere pa tsamba kuti onse aoneke, sankhani osafunikawo mutagwira Ctrl, dinani Edit, chotsani chizindikiro pa Enabled. Apa pali msampha: mukasintha zinthu zambiri nthawi imodzi, pamakhala kabokosi kena pambali pa mzere uliwonse kosonyeza kuti kusinthako kugwire pa zonse. Mukapanda kukachonga, mudina Save koma palibe chisinthe. Mukamaliza apo ndiye pitani ku Channel / EPG, Channels, n'kufufuta matchanelo a ma service amene mwazimitsawo.

Onaninso pa Bouquets. Ngati pali bouquet (gulu la ma service) yoyaka yokhala ndi Auto-Map to channels, imeneyo imapanga matchanelo yokha popanda kukufunsani. Izimitseni, kapena ngati mukuifuna chotsani Map radio channels ndi Map encrypted services. Kuyambira lero muzigwiritsa ntchito Map selected services basi.

Ongoonetsa mdimawo ambiri ndi aja amene pa Freeview, TV yaulere ya pa eriyo ku UK, amangotumiza kachizindikiro, chithunzi chenichenicho chimadzera pa intaneti mu TV yamakono. Tvheadend ilibe choti ijambule pamenepo, azimitseni.

Chiombankhanga

Zimene anena a Mbiya ndi zoona, koma ine ndingayambire pa ma mux, chifukwa ntchito ya pa Services imachepa kwambiri mukatero. BBC One iwiriyo ikusonyeza kuti eriyo yanu ikugwira nsanja ziwiri, ndipo kumeneko nthawi zambiri ndi Emley Moor ndi Belmont. Auto-Default imayesa ma frequency onse a UHF, ndiye yatola zonse ziwiri. Nkhani za m'dera za Look North n'zosiyana pa nsanjazi, maina a ma service nawonso amasiyana pang'ono, choncho Merge same name, bokosi lophatikiza ma service a dzina limodzi pochita map, siingaziphatikize.

Komanso Merge same name musaikhulupirire kwambiri. Ikaphatikiza Channel 4 ya nsanja ziwiri kukhala tchanelo imodzi, Tvheadend ikhoza kusankha yofookayo pojambula, makamaka tuner ina ikakhala pa ntchito, ndipo mudzapeza chithunzi chodukaduka.

Lowani pa tsamba la Freeview, ikani postcode yanu, muone nsanja yoyenera ndi manambala a UHF a ma mux ake. Nsanja yaikulu imakhala ndi ma mux asanu ndi limodzi, atatu a PSB (matchanelo otumikira anthu onse, monga BBC) ndi atatu a COM (a zamalonda), kwina n'kuwonjezerapo ya matchanelo a m'deralo. Tvheadend imalemba frequency osati nambala, ndiye werengani chonchi: nambala ya UHF kuchulukitsa ndi 8, kuphatikizapo 306. Mwachitsanzo 47 imapereka 682 MHz, imene pa bokosi la Frequency imalembedwa 682000000. Mux iliyonse imene siili pa mndandanda wa nsanja yanu muiike pa Disable. Osaifufuta, chifukwa chake ndi chomwe chija. Mukatero ma service ake onse amazima pamodzi, ndipo pa Services mukasankha Hide: Parent disabled sakusokonezaninso m'maso.

Ngati mukukayika kuti yamphamvu ndi iti, seweretsani mux imodzi muyang'ane pa Status, Stream. Musangoona Signal Strength. Yang'anani SNR (kuyera kwa siginolo poyerekeza ndi phokoso) ndi Continuity Errors (zidutswa zotayika panjira). Nambala yachiwiriyi ikamakwera mukuonera, mux imeneyo ndi yosadalirika ngakhale mphamvu ioneke yambiri.

Pa Networks ikani Network discovery pa Disable, chotsani Idle scan muxes, chongani Skip startup scan. Kuipa kwake n'kwakuti nsanja ikadzasintha ma frequency, mudzayenera kukonza nokha. Mndandanda wokonzeratu wa uk-EmleyMoor muufananize kaye ndi za pa Freeview musanaudalire, popeza ma frequency ambiri anasuntha pamene ankachotsa TV pa 700 MHz, ntchito imene inatha mu 2020.

Phindu lina: EPG (ndandanda ya mapulogalamu) ya mumlengalenga imasakidwa nthawi ya 02:04 ndi 14:04 ngati simunasinthe, ndipo imayendera ma mux oyaka. Akachepa imamaliza msanga.

Kamtedza

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndazimitsa ma mux a nsanja inayo ndipo BBC One yatsala imodzi pa tsamba la Tvheadend. Koma pa Kodi akale aja akuonekabe. Nanga pali matchanelo ena a mafilimu amene ine ndikuwafuna koma ana asawapeze, amenewo nditani nawo? Za kujambula kawiri zija zikadalipo.

Nkhwazi

Kodi imasunga mndandanda wakewake. Pitani ku Settings, PVR & Live TV, mupeze Clear data, mulole ifufute, itenga watsopano kudzera pa port 9982. Zojambula zanu sizikhudzidwa, zili ku Tvheadend. Pomwepo yatsani Use channel numbers from backend kuti BBC One ikhale pa 1 ndipo za HD ziyambire pa 101. Channel manager ya Kodi imabisanso matchanelo, koma pa makina amenewo okha, ndipo Clear data imafufuta zonse munabisazo. Sindikulangizani njira imeneyo.

Za ana, pangani Channel Tag, tinene kuti "Banja", muiike pa matchanelo amene mwavomereza. Ku Users, Access Entries, pangani dzina latsopano lololedwa Streaming ya HTSP (njira imene Kodi imalumikizirana ndi Tvheadend), pa Channel tags musankhe "Banja". Mawu achinsinsi amaikidwa padera pa Passwords. Dzina limenelo ndi limene mulembe mu Tvheadend HTSP Client ya pabalaza. Njira yololeza ndi yabwino kuposa yoletsa ya Exclude channel tags, chifukwa tchanelo yatsopano siioneka kwa ana mpaka inu mutaipatsa tag. Onetsetsani kuti mzere wa dzina la nyenyezi (*), uja wolola aliyense wa pa netiweki ya m'nyumba, sukupereka ufulu wonse, apo ayi malire anuwa alibe ntchito.

Kujambula kawiri kumachokera ku Autorecs, malamulo ojambula pulogalamu yokha nthawi iliyonse ikaonekera. Lamulo likakhala lopanda Channel, limagwira mutu umenewo paliponse: pa SD, pa HD, pa +1 (tchanelo yobwereza zomwezo patapita ola limodzi). Lipatseni tchanelo imodzi kapena tag, ndipo pa Duplicate handling musankhe Record if different description, kapena different episode number ngati EPG ikupereka manambala a zigawo. Ngati munafufuta tchanelo n'kuipanganso, kwa Tvheadend imeneyo ndi yatsopano ngakhale dzina lifanane, ndiye tsegulani lamulo lililonse musankhenso, muonenso pa Upcoming / Current Recordings.

Chenjezo limodzi pa Check availability, bokosi loyesa ngati service ikuulutsa pochita map: BBC Four imayamba 7 koloko madzulo CBeebies ikatseka, ndiye mukachita map masana mutachonga bokosi limenelo ikhoza kusiyidwa ngati yakufa. Chimodzimodzi BBC Three.

Mbiya

Kwa amene mukuwerenga muli kumudzi, Malawi nayo ili pa DVB-T2 (TV ya digito ya pa eriyo), ndiye njira ndi yomweyi. Kusiyana kwake n'kwakuti mukumana ndi ma service ambiri otsekedwa, monga a GOtv, amene amafuna dekoda yawo. Pochita map chotsani Include encrypted services, ndipo pa Services sanjani ndi mzere wa Encrypted kuti muwazimitse onse kamodzi.