Conditioner ya BTMS-50 ikuchita mibulu, madzi akudikha pansi

Nachisale, Mufakose: Akuluakulu, thandizeni. Pa kilogalamu imodzi ya conditioner ya tsitsi yomwe ndikupanga muli BTMS-50 (yogwirizanitsa mafuta ndi madzi) magalamu 40, cetyl alcohol 30, mafuta a malambe 30, glycerine 30, xanthan gum (yolimbitsira) 5, panthenol 10, phenoxyethanol (preservative, yoteteza kuti isawole) 10, madzi 845. Ikangozizira ikuchita timibulu tonanda, ndipo ikagona madzi akudikha pansi pa botolo. Vuto lili pati?

A Phiri, Highfield: Mayi, chotsani xanthan gum. BTMS ndi cationic, ndiye kuti ili ndi mphamvu ya positive, n'chifukwa chake imamata pa tsitsi, makamaka lowonongeka ndi relaxer, lomwe limakhala ndi negative yambiri. Xanthan nayo ndi negative. Ziwirizi zikakumana mumphika zimagwirana zokhazokha n'kupanga tonandato, ndipo BTMS yomwe imayenera kugwirizanitsa mafuta ndi madzi imathera pomwepo. Carbomer (yolimbitsira ina) ndi SLES (yochititsa thovu mu shampu) zimachitanso chimodzimodzi, choncho mphika umene mwapangiramo shampu muziutsuka bwino. Ngati mukufuna kuti ikhale yolimbirako, ikani hydroxyethylcellulose magalamu 3 mpaka 5. Iyo ilibe mphamvu iliyonse mwa ziwirizi. Yambani mwaisakaniza ndi glycerine, kenako muithire m'madzi asanatenthe.

Nachisale: Zikomo bambo. Nanga mchere sungalimbitse, monga timachitira ndi shampu?

A Phiri: Ayi ndithu. Mchere umalimbitsa SLES, koma kuno ungoswa emulsion, kutanthauza kugwirizana kwa mafuta ndi madzi kuja. Kunena zoona, ndi cetyl alcohol 30 simufunikanso gum. Ikapepuka mufikitseni pa 40, mudikire tsiku lathunthu musanaweruze, chifukwa conditioner imapitiriza kulimba itazizira kale.

Anambewe, Dzivarasekwa: A Phiri anena zoona, koma si xanthan yekha amene amabweretsa mibulu. Achemwali, igwireni ndi zala. Ikakhala yonanda ndi gum uja, koma ikakhala yolimba ngati tiphula ndiye kuti vuto ndi kutentha. BTMS imasungunuka cha pa madigiri 60, ndipo ikakumana ndi madzi ofunda chabe imaundana nthawi yomweyo, ngati ufa wothiridwa m'phala osavundula. Mbali zonse ziwiri zifike madigiri 70 mpaka 75. Mumphika wina BTMS, cetyl ndi mafuta, mumphika wina madzi ndi glycerine. Mukaphatikiza menyani ndi stick blender mphindi 3, kenako muzitakasa pang'onopang'ono mpaka izizire. Supuni yokha siikwanira. Ndipo masiku amene magetsi a ZESA, kampani ya magetsi ya ku Zimbabwe, akuthimathima tenthetserani pa gasi, blender ikhale pa inverter, chifukwa akathima mutangophatikiza kumene ntchito yawonongeka. Kafungo ka nsomba kamene kamamveka BTMS ikamasungunuka musadabwe nako, ndi mmene ilili.

A Mwale, Mbare: Funso limodzi, madziwo ndi ati? A pa mjigo nthawi zambiri amakhala ndi calcium kapena iron, a pampopi ochokera ku Morton Jaffray, koyeretsera madzi a mu Harare, ali ndi chlorine. Kuwiritsa sikuchotsa zonsezo. Gulani distilled kapena deionised, madzi ochotsedwa michere. Yezaninso mphika wa madzi pa sikelo musanatenthetse ndiponso mutatenthetsa, amene aphwera muwabwezere otentha.

Nachisale: Ndi a pa mjigo, owiritsa. Mibuluyo ndi yonanda. Yomwe yapangidwa kaleyi ingapulumuke?

Anambewe: Ikanakhala ya kutentha mukanaibwezera pa madigiri 75 n'kumenyanso, n'kuwonjezera preservative itazizira. Ya xanthan siibwerera, tayani basi. Popanganso yambani ndi magalamu 200 okha. Panthenol, perfume ndi preservative zilowe kutentha kukatsika pansi pa madigiri 40. Phenoxyethanol payokha ndi yofooka pa nkhungu, pezani yosakaniza kale ndi ethylhexylglycerin, osapitirira magalamu 10 pa kilo.

A Mwale: Pomaliza yezani pH (muyeso wa asidi), ikhale pakati pa 4 ndi 5. Ikakwera itsitseni ndi citric acid wosungunula m'madzi, dontho limodzilimodzi, mukuyeza. Musanapereke ku masaluni, botolo limodzi liikeni pofunda, lina mufiriji, kwa milungu 4, muone ngati madzi adikhenso pansi.