Za Mustang ya 1969 ndinafunsa ija

Abale, mwezi watha ndinafunsa ngati galimoto ya Ford Mustang Mach 1 ya 1969 imene bambo wina akugulitsa kuno ku Indiana ikugwirizana ndi mtengo umene akutchula. Ambiri munati ndisatengeke ndi penti, ndiyambe ndaona manambala. Zikomo, ndachita zomwezo.

Chilembo chachisanu pa VIN, nambala yozindikirira galimoto, chimasonyeza injini imene galimoto inatuluka nayo kufakitale. Apa pali H, kutanthauza injini wamba ya 351, pomwe eniake akuti ndi injini yaikulu ya 428 Cobra Jet, imene chilembo chake chimakhala Q kapena R. Injini yaikuluyo ilimodi, koma anachita kuikamo pambuyo pake, ndipo odziwa magalimotowa akangomva zimenezo mtengo amautsitsiratu. Lipoti ya mbiri ya galimoto yotchedwa Marti Report, yomwe imachokera m'mabuku a Ford, yatsimikiza kuti ndi Mach 1 yeniyeni, koma ya 351.

Chandifooketsa kwambiri ndi dzimbiri. Makaniko ataikweza m'mwamba, pansi popondera dalaivala panali podyeka moti sikuludalaiva imangolowa. Mchere umene amathira m'misewu nyengo yozizira kuno suchita chibwana. Maginito nawonso amakana kugwira kuseri kwa matayala akumbuyo, kusonyeza kuti m'malo mwa chitsulo anangomatapo body filler, phala lotsekera mabowo.

Ndawauza bambowo kuti ndingapereke mtengo wa 351 yofunika kuwotcherera pansi ponse. Akuti aganize kaye.